Apongozi Anga kwa Amonke

Amuna anga anawatenga Lachiwiri m'mawa, ana asukulu ali m'kalasi. Ankaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nselema, ndipo tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi kuseri kwa bwalo la mpira. Ine sindinaone ndi maso anga. Ndinali kudambo, ndikuchapa matewera a mwana wathu wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi miyezi isanu. Pobwerako ndinapeza ahedi ataima pakhomo pathu, chipewa chili m'manja. Anati kunabwera galimoto, munatsika anthu atatu osavala yunifolomu, ndipo anangonena kuti aphunzitsi akayankhe timafunso pang'ono kuboma, abwerako madzulo.

Madzulo anakwana, sanabwere. Sabata inatha.

Masiku amenewo munthu akatengedwa motero sumafunsa mokweza. Chipani chinali chimodzi, ndipo makutu ake anali paliponse: pamsika, pachitsime, ngakhale m'kwaya. Ndinapita kupolisi, anati iwo sakudziwapo kanthu. Ndinapita kuboma, anandikhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kenako kalaliki wina wachikulire anadutsa pafupi nane ngati akupita panja, nanena osandiyang'ana, "Mayi, muli ndi mwana wamng'ono. Pitani kunyumba."

Patatha milungu iwiri ahedi anabweranso, maso ali pansi, kudzandiuza kuti nyumba ikufunika mphunzitsi wina. Kwathu n'kufupi ndi Balaka, koma makolo anga anali atamwalira, ndipo amalume, amene anali ndi kaudindo m'chipani m'mudzi mwathu, anatumiza mawu oti ndiyambe ndadikira kuti zinthu zizizire. Choncho ndinamanga katundu wanga, mwana kumbuyo, ulendo wa kwa apongozi anga kumudzi wina kuseri kwa Ntaja.

Ine ndi apongozi sitinali anthu ogwirizana kwenikweni. Iwo anali Msilamu wolimba, wamasiye, mayi wamtali wosakonda kuyankhula. Mwana wamwamuna anabereka mmodzi yekhayo. Ali wamng'ono, amalume ake anamutenga n'kukamusiya kusukulu ya amonke, ansembe aja okhala m'mpanda mwawo kumapemphera ndi kulima, mbali ya ku Balaka, ati akaphunzire kulemba. Anabwerako ali ndi satifiketi, dzina lachilendo la ubatizo, ndipo pambuyo pake mkazi wachikatolika, amene ndi ineyo. Apongozi sanamuitanepo ndi dzina latsopanolo ngakhale tsiku limodzi. Malo aja sankawatchula n'komwe. Zikafika poti awatchule ankangoti, "Kuja anandibera mwana."

Anandilandira osanena zambiri. Anandipatsa mphasa, anandipatsa khasu. Tinkalima limodzi, kudya limodzi, koma za mwana wawoyo sitinkakambirana. Anthu a m'mudzi anayamba kulambalala pakhomo pathu. Amayi amene kale ankabwera kudzapala moto kapena kudzabwereka mtondo anapeza njira zina. Sindinawade. Aliyense anali ndi ana ake oti awasunge.

Inafika nyengo yozizira. Tsiku lina ndili pamsika pa Ntaja, mayi wina wogulitsa nsomba zouma, amene sindinkamudziwa, anandikoka chitenje. Anawerama ngati akundisankhira matemba, nandinong'oneza kuti kunyumba ya amonke ija kuli wansembe wina wachizungu amene amaloledwa kulowa m'ndende kukachita Misa. Anati munthuyo saiwala nkhope. Akatuluka amawauza abale kuti wanu ndamuona, ali moyo, ali kwakuti. Mchemwali wake anamva za amuna ake mwa njira imeneyo.

Ndinayenda njira yonse yobwerera ndikuganiza mmene ndikawauzire apongozi. Ndinawapeza akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse, ndipo pomaliza ndinati ndikhoza kupita ndekha, iwo asavutike. Anapitiriza kupeta mpaka mankhusu onse atatha.

"Mawa," anatero.

"Mawa bwanji, amayi?"

"Tinyamuka mawa. Ukazinge mtedza."

Anatulutsa juzi ya mwana wawo imene ndinabwera nayo m'katundu, anaipinda, anaikamo sopo ndi mtedza uja, n'kumanga zonse m'kansalu. Ankakhulupirira ndithu kuti wansembeyo akalandira phukusilo n'kukalipereka. Inenso ndinkakhulupirira.

Pokwera basi pa Ntaja panali achinyamata a chipani akuona makhadi. Apongozi anamasula lawo pa ngodya ya chitenje. Mmodzi wa anyamatawo ankatidziwa, ndipo anafunsa kumene tikupita.

"Kuchipatala," anayankha apongozi. "Mwanayu akutsokomola."

Kanali koyamba kuwamva akunama, ndipo ananama osaphethira. Tinaoloka Shire pa Liwonde, tinatsika pa Balaka, kenako lole ina yonyamula thonje inatitenga mpaka pamphambano. Kuchoka apo tinayenda pansi. Msewu unali wafumbi, wodutsa m'minda yokololedwa kale ndi pansi pa milambe. Apongozi anali patsogolo, phukusi pamutu, ndipo sanapume ngakhale kamodzi.

Tinafika dzuwa litangodutsa pamutu. Choyamba kuoneka inali nsanja ya tchalitchi pamwamba pa mitengo ya mango, kenako mpanda wautali wa njerwa zofiira zimene zinali zitada ndi zaka. Amuna anga ankakonda kundiuza za malo amenewa. Ankati njerwazo anaumba ndi azungu oyamba aja pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira, makolo athu asanabadwe, ndipo kuti belu lake linachoka kutsidya kwa nyanja, anthu n'kulinyamula pamapewa kuchokera kumtsinje. Anandilonjeza kuti tsiku lina adzapita nane ndikaone. Kunja kwa mpanda kunali manda, mitanda yoyera itandandalikidwa bwinobwino. Ndinawerenga ingapo tikudutsa. Ambiri anafa ali anyamata, ena asanathe ngakhale zaka ziwiri m'dziko muno.

Chimene chinandiopsa chinali bata. Kunali zii. M'dimba la ndiwo zamasamba munali amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi ovala mikanjo, akupalira, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankayankhula ndi mnzake. Ankangomveka makasu basi.

Pachipata panatuluka abulazala, mmodzi wa amonke amene si ansembe, bambo wamfupi wotsimphina mwendo umodzi, Chichewa chawo chomveka Chilomwe. Anatilonjera mwaulemu. Ine ndinayamba kufotokoza kuti tikufuna bambo aja amene amapita kundende. Ndisanamalize anakweza dzanja, nayang'ana mbali ya kukhitchini kumene anthu antchito ankawaza nkhuni.

"Zimenezo musanene pano, amayi. Lowani mukhale kaye. Bambo mkulu akuonani ikatha nthawi ya chete."

Anatitsegulira kachipinda ka alendo. Munali mipando inayi, tebulo, ndipo pakhoma panali mtanda waukulu wokhala ndi chifanizo cha Ambuye, magazi ojambulidwa m'nthiti. Apongozi anafika pakhomo, anayang'ana khomalo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Ine ndikhala panja."

Anakakhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, phukusi lili pamiyendo. Ndinawatsatira. Abulazala aja sanakakamize. Anatibweretsera tiyi ndi buledi wophika okha. Ine ndinadya chifukwa ndinkayamwitsa. Apongozi sanakhudze.

Tinadikira nthawi yaitali. Belu linalira, amuna a m'dimba aja anasiya makasu pomwepo n'kulowa m'tchalitchi, ndipo tinamva akuimba motsitsa, mawu amodzimodzi okwera ndi kutsika. Anatuluka, anabwerera kumakasu. Patapita nthawi belu linaliranso, analowanso. Apongozi anawayang'ana mpaka womaliza atalowa.

"Anthuwa amaswali kuposa ife," anatero, ngati akudandaula.

Kenako anayang'ana dzuwa, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yawo ya swala yakwana. Anayamba kuunguzaunguza. Pamalo achilendo chotero sankadziwa koyang'ana, ndipo madzi osamba manja ndi mapazi analibe. Sanafune kupempha. Abulazala aja anali ataima chapatali. Analowa m'kanyumba kawo ka pachipata, natulukamo ndi beseni la madzi ndi mkeka watsopano. Anaziika pansi, naloza ndi mlomo kupyola pa nsanja.

"Kumpoto n'uko, amayi. Amayi anga ondibereka ankayang'ana cha uko, kupendekera pang'ono kumanja."

Apongozi anawayang'ana kanthawi. "Sikomo," anathokoza m'Chiyao. Anaswali pomwepo, pansi pa mango, kumbuyo kwawo kuli tchalitchi. Ine ndinakhala ndi mwana m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Nselema ndinamva ngati zinthu zikhoza kuyenda.

Bambo mkulu wa amonke anabwera dzuwa litapendeka. Ndinkayembekeza mzungu wokalamba, koma anali Mmalawi, wamkulu pang'ono chabe kwa amuna anga, wovala magalasi. Atamva kuti apongozi sangalowe m'chipinda chija, anatitengera kukhonde la kuseri kwa nyumba yosungiramo chimanga, kumene kunalibe anthu. Anakhala pa chitsa. Ndinatchula dzina la amuna anga, la ubatizo lija. Anavula magalasi.

"Ndikumudziwa. Tinkagona chipinda chimodzi tili ana. Ankandithandiza samu." Anapukuta magalasiwo ndi mkanjo. "Ndinamva. Pepani kwambiri."

Ndinafotokoza za wansembe wopita kundende uja. Anandisiya ndimalize, ngakhale ndikuganiza kuti yankho anali nalo kale ndisanayambe.

"Mwachedwa ndi milungu itatu," anatero. "Kunabwera kalata yochokera kuboma yoti atuluke m'dziko muno pasanathe masiku awiri. Tinakamusiya kubwalo la ndege ndi kasutikesi kamodzi. Munthu anakhala kuno zaka makumi atatu."

"Nanga amene walowa m'malo mwake?"

"Palibe. Anatiletsa. Palibe wa ife amene akuloledwa kufika ngakhale pachipata cha ndende."

Ndinafunsa ngati sangalembe kalata, yongofunsa chabe kumene munthu ali. Anati kalata yotero imabwerera ndi galimoto. Ndinafunsa ngati palibe wina wamkulu mumpingo amene angafunse. Anati akuluakulu anafunsapo za anthu ena, ndipo anthuwo anangosamutsidwira kutali. Ankayankhula motsitsa kwambiri moti ndinkachita kusendera kuti ndimve.

"Pano tili ndi sukulu, tili ndi kachipatala, tili ndi nkhalamba zisanu zimene zilibe kwina kopita. Mwa antchito athu omwewa alipo amene amakanena zonse zochitika muno, ndipo sindikudziwa kuti ndi uti. Mawa adzandifunsa kuti amayi awiri aja amafuna chiyani. Ndidzati amafuna mankhwala a mwana."

"Ndiye mutithandiza bwanji, bambo?" ndinafunsa.

"Ndidzamukumbukira pa Misa." Anaima kaye. "Koma dzina sindidzalitchula mokweza."

Nthawi yonseyi apongozi ankamvetsera. Chichewa ankachimva bwino, ngakhale kunyumba ankakonda Chiyao. Anatenga phukusi lija n'kuliika pamapazi a bambo mkulu.

"Muli juzi. Kukuzizira."

"Amayi, ndilibe njira yolifikitsira."

"Sungani. Njira ikapezeka mudzapereke."

"Akadzabwera kudzasecha n'kulipeza, adzafunsa kuti n'la yani."

Apongozi anaweramira kutsogolo. Sanakweze mawu.

"Inu munamutenga ali ndi kakabudula kamodzi. Ine ndinalira, anandiuza kuti ndisalire, akukaphunzira, adzakhala munthu. Munamuphunzitsa kuyankhula ngati mzungu. Munamuchotsa dzina limene bambo ake anamupatsa. Akanakhala kumudzi bwenzi pano akulima mpunga, palibe akanamudziwa. Ine sindinabwerepo kuno kudzakufunsani kanthu, zaka zonsezi. Lero ndabwera. Sindikuti mumutulutse, iyayi. Ndikuti mundiuze chabe. Mwanangu ali kwapi?"

Mawu omalizawo ananena m'Chiyao, akufunsa kumene mwana wawo ali. Ndinaona misozi ikutsikira m'mphepete mwa mphuno ya bambo mkulu. Ndikanakonda akanakhala munthu wouma mtima, bwenzi nditapeza womukwiyira.

"Sindikudziwa, amayi," anatero. "Pamaso pa Mulungu, sindikudziwa."

Apongozi anati akufuna kuona mzungu amene anamubatiza, ngati akadali moyo. Bambo mkulu anazengereza, nanena kuti alipo koma wakalamba kwambiri, mutu suyendanso bwino. Apongozi anati zilibe kanthu.

Anamubweretsa abulazala aja pa mpando wamatayala, atamufunditsa bulangete mpaka pachifuwa. Anali kamunthu kochepa, ndevu zoyera, khungu la m'manja lopyapyala ngati pepala. Ataona mpango wa apongozi nkhope yake inawala.

"Ali uli?" anawalonjera m'Chiyao chabwino kuposa changa.

Apongozi anadzidzimuka, nayankha mwachizolowezi kuti ali bwino. Kenako anatchula dzina la mwana wawo, la kwawo lija. Ine ndinawonjeza la ubatizo. Nkhalambayo inatseka maso, ndipo ndinkaganiza kuti yagona. Mwadzidzidzi inaseka.

"Wamanzere uja! Ankalemba ndi dzanja lamanzere. Ndinamumenya ndi rula chaka chathunthu, osasintha. Ndiye ndinamusiya. Mwana wanzeru kwambiri. Anathawapo kawiri, ati akufuna amayi ake. Tinakamupeza kumsewu wa sitima, akulira."

Apongozi anagwira pakamwa. Zimenezo sanazimvepo, ndipo inenso amuna anga sanandiuzepo.

"Anathawa kubwera kwa ine?"

"Kawiri. Ali bwanji masiku ano? Akuphunzitsabe?"

Ndinayang'ana bambo mkulu. Anapukusa mutu pang'ono. Koma apongozi anafotokoza, pang'onopang'ono, kuti anamutenga a boma, miyezi inayi yapitayo, ndipo palibe akudziwa kumene ali. Nkhalambayo inamvetsera, nkhope inagwa, ndipo inayesa kudzuka pampando.

"Ndipatseni njinga yanga. Ndipita kwa bwanamkubwa. Amandidziwa."

"Bambo, atsamunda anapita kalekale," anatero abulazala, akuwakhazika bwino.

"Anapita?" Anayang'ana uku ndi uku, kenako maso ake anagwera pa mwana wanga. Anamwetulira, namugwira kaphazi. Atakweza mutu anaonanso apongozi ngati akuwaona koyamba.

"Ali uli? Ndinu amayi a yani?"

Apongozi anatchulanso dzinalo.

"Wamanzere uja! Ali bwanji? Akuphunzitsabe?"

"Akuphunzitsa," anatero apongozi.

"Zikomo. Mukamuuze adzandione."

Kunali kutada kuti tibwerere, choncho anatigoneka m'nyumba ya alendo kunja kwa mpanda. M'mawa belu loyamba litalira ndinasiya mwana ndi apongozi n'kulowa m'tchalitchi. Munali mozizira, monunkha lubani ndi mileme. Pansi panali pokumbika m'malo amene anthu akhala akugwada zaka zonsezo. Ndinakhala kumbuyo, pa benchi ya alendo. Amonke anali kutsogolo, mizere iwiri yoyang'anizana, akuimba masalimo molandizana. Inafika nthawi yopempherera anthu. Anatchula odwala, anatchula akufa, anapempherera mtsogoleri wa dziko monga ankachitira m'matchalitchi onse. Kenako bambo mkulu anati, "Ndi ena amene tikuwakumbukira mumtima," n'kukhala chete pang'ono. Ndinadziwa kuti kachete kameneko ndiye thandizo lonse limene tinayendera ulendo wonsewu. Ndinayesa kupemphera. Ndinayamba Atate Athu katatu, osafika nayo pakati.

Abulazala a pachipata anatiperekeza. Anati akukaona ng'ombe kudambo, koma anayenda nafe kupitirira manda, kupitirira dambolo, akutsimphina, mpaka pamene nsanja inabisika. Pamenepo anaima.

"Ndikuuzani chinthu, koma sindikudziwa ngati ndikuchita bwino. Bambo anathamangitsidwa aja anali ndi kope. Akabwera kundende ankalembamo mayina a anthu amene wawaona, ndi kumene ali. Tsiku limene kalata inabwera anandipatsa kuti ndiotche. Ndinaotcha ndekha, m'ng'anjo ya buledi."

"Munawerenga?" ndinafunsa.

"Ndinatsegula. Ndinayendetsa maso mofulumira, ndinali ndi mantha. Mayina anali ambiri, masamba ndi masamba. Chifikireni inu dzulo ndakhala ndikuyesa kukumbukira. Dzina la ubatizo limenelo linalimo, ndikuliona ndithu, koma linalimo kawiri kapena katatu. Ndi dzina lofala. La bambo ake sindikukumbuka."

"Nanga pambali pake panalembedwa malo ati?"

"Sindikukumbuka, amayi."

"Yesani."

"Ndayesa."

Anati mayina ena anali ndi kamtanda kumapeto. Sindinafunse tanthauzo la kamtandako, ndipo sindinafunse ngati dzina lija linali nako. Amene anafunsa ndi apongozi.

"Limodzi linali nako," anayankha abulazala. "Koma kaya ndi liti."

Anatipempha kuti tiwakhululukire. Apongozi anawagwira dzanja ndi manja awiri, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita ndi mwamuna wachilendo, kenako anasenza phukusi lija, limene bambo mkulu sanalandire, n'kuyamba kuyenda.

Tinafika pamphambano dzuwa likuswa mtengo. Lole sinabwere msanga. Tinakhala pansi pa mlambe, mwana akuyamwa. Apongozi anamasula kansalu kaja, anatapa mtedza, anandipatsa m'manja, nawonso anatapa. Tinadya. Atatha anasasa manja.

"Kawiri," anatero. "Ndipo palibe anandiuza."

Kuyambira ulendo umenewo anayamba kundiitana kuti mwanangu. Sitinapitenso kwina kukafunsa, chifukwa kunalibe kwina. Tinalima, tinakolola, tinalimanso. Mwana anayamba kukwawa, kuyenda, kuyankhula Chiyao cha agogo ake. Galimoto ikamveka kumsewu tonse awiri tinkasiya chimene tikuchita, kumvetsera mpaka phokoso litazimirira, kenako n'kupitiriza osayang'anana.

Apongozi anadwala chifuwa m'dzinja lachitatu. Ndinawasamala milungu isanu ndi umodzi. Anamwalira Lachisanu m'mawa ndipo anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa Chisilamu.

Amuna anga anabwera chaka chotsatira, nthawi yokolola. Anawatsitsa pa Liwonde pamodzi ndi anthu ena, osawauza chifukwa chimene anawatengera kapena chimene awatulutsira, ndipo mpaka imfa yawo sanachidziwe. Anayamba apita ku Nselema, kumene anapeza banja lina m'nyumba mwathu, kenako anayenda pansi mpaka kumudzi. Ine ndinali pankhokwe. Ndinaona bambo wina woonda, wa imvi, wopanda mano akutsogolo, ataima pamphepete pa bwalo ngati mlendo wodikira kuti amulandire. Ndinamulonjera ngati mlendo. Ndinawazindikira atayankha.

Anafunsa amayi awo. Ndinawauza. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Patapita nthawi ndinawafotokozera za ulendo wathu wa kwa amonke, ndipo poyamba sanakhulupirire kuti amayi awo anapondako phazi. Anati wansembe wopita kundende uja sanamuonepo. Kumene anawasunga iwo sikunkafika wansembe aliyense.

Tsiku lotsatira abale awo aamuna anabwera kudzawatenga kuti akaone manda. Kumeneko akazi sitifikako, choncho ndinawaperekeza mpaka pamene njira imapatukira kumsitu. Mwana wathu anali atagwira chitenje changa, ndipo atangolowa m'mitengo anandifunsa kuti bambo aja ndi ndani, nanga achoka liti.

Ntchito ya uphunzitsi sanawabwezere. Chaka chimenecho chisanathe tinasamukira ku Chikweo, kumene msuweni wawo anatipatsa munda, ndipo tinayamba kulima thonje.